Beseni la a Jonasi ndi Tayala la Fokolifiti

Fokolifiti ya pa shedi ya mpunga ku Domasi, chigalimoto chonyamulira matumba chija, inatitimira m'matope, matumba makumi anayi a alimi ali pamtetete, mvula ikutsika phiri la Zomba. Iness, woyang'anira shedi, mtsikana wochita ndendende chimene wauzidwa, anakaitana a Jonasi, omata machubu ku Songani, omwe chibadwire sanavomerepo kuti alakwa.

"Laphwa ili," anatero a Jonasi, akumenya tayala ndi sipanala.

"Silingaphwe, bambo. Ndi mphira yokhayokha mpaka m'kati. Ndi loyendera pasimenti."

"Iwe, tayala lopanda mpweya unaliona kuti? Valavu ili pati?"

"Ilibe."

"Anaba! Anthu a masiku ano! Tenga beseni la madzi, tione pamene patuluke thovu."

Iness anathamanga, nabwera ndi beseni. Atachotsa tayalalo, analikankha awiriwiri mpaka m'madzi, phava! Beseni linang'ambika pakamwa. A Jonasi anagwada, diso pamadzi.

"Thovu palibe, bambo."

"Eyatu! Ndiye kuti mpweya unatha wonse. Ndimanena chiyani ine?"

"Ndiye tiupopera pati?"

"Bweretsa msomali wa sikisi inchi. Tiboola."

"Muliboola kuti lisakhale lobooka?"

"Usandiphunzitse ntchito! Ndinayamba kumata iwe usanamere mano."

Msomali unabwera. Anaukhoma kamodzi, unapindika. Anakhomanso, hamala inadumpha n'kukapeza chala chawo.

"Mayo ine! Tayala lanji lobwezera?"

"Ndibweretse wina?"

"Khala pompo!"

Mvula inayamba kuwaza. Iness anayang'ana matumba aja. Mpunga ukanyowa, alimi a kwa Malemia akawayang'ana ndi nkhope iti?

"Bambo, ingondiuzani. M'matope muno mukufunika tayala lotani?"

"Lampweya! Lamano! Osati dazi ili. Tayala lampweya, mwanawe, limasenza chilichonse, limadutsa paliponse."

"Chilichonse?"

"Chilichonse!"

"Ngakhale thumba la makilo fifite?"

"Ngakhale awiri! Ndalumbira pali malume anga."

Iness anapita pansi pa mtengo wa mango, natenga njinga ya a Jonasi, ija saibwereketsa ngakhale kwa m'busa. Anakanikiza matayala ake ndi chala, nagwedeza mutu kuti inde, nayamba kuikankhira kumatumba.

"Aaa, iwe! Ukupita nayo kuti njinga yanga?"

"Lampweya, lamano, pano lilipo ndi lanu lokha. Awiriawiri, ndi maulendo makumi awiri basi. Muzipalasa inuyo, ine ndizikweza."

A Jonasi anayang'ana sipoko za njinga yawo, anayang'ana mulu wa matumba. Kenako anagwadanso pabeseni paja, nasisita tayala la fokolifiti ngati mwana wodwala.

"Mwanawe, tandithandiza tilibwezere. Tingoyala matabwa pamatopepa. Ine chiyambire ntchito, sindinaonepo tayala labwino ngati lopanda mpweya!"