Mfuti Yoopsezera Anyani

Pa siteji ya Chintheche, Vanessa anakumbatira mwana wake mwamphamvu ataona bambo wina akumasula mfuti yakale m'chiguduli, kuonetsa mlimi amene anangokumana naye pomwepo.

"Ada, anyani andithera chinangwa," anatero mlimiyo. "Imeneyi imawombadi?"

"Kwambiri! Kokani chogwirira chapansichi, chipolopolo chimalowa chokha."

"Chikukana."

"Mukuchikoka mwaulemu. Tasuzumirani mumpopemo, muone mmene mukuwalira."

"Muli mdima, ada. Mavu amangamo nyumba."

"Ndiye kuti ndi youma bwino! Mavu samanga ponyowa."

"Munaiwomba liti komaliza?"

"Chaka cha referendamu. Koma anyani akwathu akangoiona amathawa okha."

"Akwathu ndi ena, ada. Dzulo anandilanda khasu ndili nalo m'manja. Ndikapita nayo kumunda imeneyi, pobwerako aisenza ndi iwo."