Manda a Pakhomo pa a Eugene

Mayi Vainess anafika mumzinda wa South Bend, kutsidya kwa nyanja, mu Okutobala kudzacheza kwa mwana wawo Sosten, yemwe uja wakhala zaka zinayi akulonjeza kumanga chiliza pamanda a bambo ake ku Ntcheu, koma mpaka lero zii. Tsiku lachitatu, Sosten pobwera kuntchito anawapeza pabwalo pa aneba awo, a Eugene, tsache lili m'manja.

"Amayi, mukutani pakhomo pa eni ake?"

"Ndikusesa kumanda. Maso ulibe?"

"Si manda amenewo. Ndi zokongoletsa za Halowini."

"Ziliza zinayi. Banja kutha psiti, iwe osapita n'kukapepesa komwe."

"Palibe wamwalira. A Eugene ndi akazi awo a Tiffany ali kuntchito onse."

"Olimba mtima." Anapitiriza kusesa. "Masamba anali mbwee, akangaude mpaka kuyala ukonde. Ndachotsa wonse."

Sosten anagwira mutu. "Ukondewo amachita kugula kusitolo."

"Chisoni chimapengetsa, mwana wanga."

"Nanga chigoba chinali pampando apa chili kuti?"

"Ndachifunditsa chitenje. Munthu sangakhale mafupa pamtunda ana akudutsa."

"Ndi cha pulasitiki. Chimayaka maso ukadina batani."

"Ndaona. Ndachitseka maso."

"Amayi, mvetsetsani. Ana amavala zoopseza, amayenda khomo ndi khomo, amapatsidwa maswiti. Basi."

"Pamaliro maswiti? Nchifukwa chake ndawaimbira amayi a mvano a ku Indianapolis. Afika Loweruka ndi nyimbo."

"Mwawaimbira?"

"Galimoto zitatu."

Sosten anatulutsa foni, anaiyang'ana, n'kuibweza m'thumba. Kenako anazula chiliza chimodzi ndi zala ziwiri n'kuwaonetsa kunsi kwake.

"Onani. Pansi apa palibe munthu. Ndi kapinga yekha."

"Palibe aliyense?"

"Palibe."

"Ndiye munthuyu waimika ziliza zinayi popanda womwalira."

"Eya. Mwamva tsopano."

"Chaka chilichonse?"

"Chaka chilichonse. Novembala ikafika amazula n'kusunga m'galaja."

Mayi Vainess anatsamiritsa tsache pampanda, n'kukung'untha fumbi m'manja.

"Kuti ndi pulasitiki ndinadziwa m'mawa, pamene mphepo inagwetsa chimodzi. Amayi a mvano aja akubwera kwako, osati kuno. Icho wanyamulacho usabwezere. Ukawapemphe a Eugene, ndikawaikire bambo ako poyembekezera chako unalonjeza chija."