Galimoto Yofiira Igone Chipale Chisanagwe

— Halo? Halo, achemwali a Michiyo?

— Ndani? Mukumveka ngati muli m'chitini.

— Tsutomu, mlongo wanu. Mwayamba kuiwala mawu a munthu yekhayo wotchuka pa mtundu wathu?

— Ohoo, bwana wa madoko. Wadzuka bwanji?

— Ndadzuka ngati mkango. Kwanuko ndi masana kale, eti? Mwaswera bwanji?

— Taswera, kuzizira kokhaku. Uli kuti ulendo uno?

— Mombasa. Thukuta lili kamukamu m'mawa uno. Alamu anga a Heisuke ali bwanji?

— Msana womwe uja. Agona, akukangana ndi wailesi.

— Muwapatse moni. Nanga anyezi?

— Takolola, theka tagulitsa. Iwe sunati ubwera sabata yatha?

— Sitima yachedwa, achemwali. Magalimoto anga akadali panyanja, ndipo ine sindisuntha pano ndisanawaone akutsika ndi maso angawa. Koma tamverani. Ndaona pa foni kuti chipale chofewa choyamba cha chaka chino chigwa lero kwanuko.

— Akutero. Mawa ayamba kuwaza mchere wosungunulira chipale m'misewu.

— Ndiye galimoto yanga yofiira ija iyenera kugona lero, isungidwe mpaka nyengo yozizira ithe. Mchere ukangoinunkhiza kunsi, ndi dzimbiri basi. Ine ndagulitsa magalimoto kuyambira ku Vladivostok mpaka ku Iquique, ndipo ndikukuuzani, galimoto ndikhoza kuigoneka ndi pakamwa pokha ndili kutsidya kwa dziko. Manja anu, nzeru zanga.

— Pakamwa ndiye uli napo kuyambira uli mwana. Mayunitsi akukwanira?

— Mayunitsi ndi nkhani ya ena. Yaima pati?

— Pomwe unaisiya, pafupi ndi mpanda. Dzulo ndaitsuka, akhwangwala anaiyesa chimbudzi.

— Munatsuka ndi chiyani?

— Ndi mchenga ndi chikolopa.

— Achemwali...

— Ndi kansalu kako kofewa kaja, usakomoke.

— Mtima unaima. Chabwino, mu shedi ya anyezi muli malo?

— Kumbuyo kwa makireti. Ndayalapo kale pulasitiki, ngati mmene umachitira.

— Mwayamba kuphunzira. Matayala muwapope alimbe kuposa masiku onse, kuti asaphwatalale mbali imodzi pokhalitsa. Ikalowa, handibuleki musakoke, imamatirira. Muike timitengo kumatayala.

— Timitengo. Ehe.

— Batire muchotse, mukaisunge m'nyumba.

— Ndiifundikenso bulangete?

— Sekani, koma batire imeneyo ndinaigula ku Stuttgart. Kenako mutenge waya wokwechera mapoto, mutseke ekizozi. Makoswe a mu shedi yanu ndi onenepa kuposa amphaka a kuno.

— Chaka chatha anadya mpando wa thirakitala, yako sanaikhudze.

— Amadziwa ulemu. Ndiye chachikulu, miyezi yonse yozizira asailize munthu. Alamu anga amakonda zoti tiitenthetseko pang'ono. Ayi. Yagona, yagona.

— Ndamva. Dikira nditenge makiyi ndiilowetse, dzuwa likupendeka.

— Muilowetse bwanji?

— Ndiilize, ndiyende mpaka pakhomo pa shedi, ndizimitse. Si kutali.

— Ayi, ayi, ayi. Imani pomwepo. Makiyi ikani pansi.

— Chavuta n'chiyani?

— Injini imeneyo si ya thirakitala, achemwali. Ilibe mapisitoni. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri za makona atatu zomwe zimangozungulira. Ikakhala yozizira imamwa petulo ngati chidakwa, ndiye mukaizimitsa isanatenthe, petulo uja amatsalira m'mimba. Amanyowetsa mapulagi, amatsuka oyilo yense. Igone choncho mpaka chipale chisungunuke, sidzadzukanso.

— Galimoto yanji yosafuna kuyenda pafupi?

— Yofanana ndi mwini wake. Muikankhe.

— Ndikankhe? Pamtunda paja, pamiyala? Ukudziwa zaka zanga iwe?

— Alamu anga angagwireko kumbuyo.

— Munthu akulephera kuvala sokosi.

— Thirakitala. Muikoke ndi chingwe.

— Yamangidwa kale chitsulo chokankhira chipale. Ndiponso mphuno ya galimoto yakoyo ili pansi ngati ya nkhumba, chingwe chiisadzula. Uzidzalira mpaka chaka chamawa.

— Nanga anyamata a kwa a Shimazu?

— Anapita kukagwira ntchito ku Sapporo. Halo? Tsutomu? Netiweki yathawa?

— Ndilipo. Ndikuganiza.

— Ganiza msanga, mitambo yayamba kuda chakumapiri.

— Pali njira ina. Koma ndi yovuta.

— Nena.

— Iyenera kuyenda ndithu. Ulendo weniweni, itenthe mpaka m'mafupa, ilire, itaye mwaye wonse. Pobwerera ithiridwe petulo thanki idzaze kuti musachite chinyezi, muonjezere kabotolo ka mankhwala kali kuseri kwa mpando. Ikatero ilowe mu shedi ikadali yotentha.

— Ndiye chovuta chili pati?

— Pampando umenewo sipanakhalepo munthu wina. Ngakhale Sumie, mkazi wanga weniweni, amakhala mbali inayo manja ali pamiyendo.

— Ndiye udikire chipale chiikwirire.

— Kilachi yake ndi yolimba, achemwali.

— Anakuphunzitsa kuponda kilachi ndani? Si ine, m'munda wa mbatatesi, iwe ukulira kuti lole ikudumpha?

— Sindinalire. Linali fumbi.

— Umadziwa kuti zifika apa usanaimbe n'komwe. Moni yense uja, alamu ali bwanji, anyezi ali bwanji.

— Usiku wonse ndimasakasaka njira ina. Palibe. Ndaona madalaivala a mipikisano ku Ulaya, ndadya nawo, koma amene ndingamupatse makiyi amenewo ndi inu nokha. Mufike pamlatho, mubwerere.

— Pamlatho? Singano ya kutentha ikhala isanasunthe. Ndikafika ku Abashiri ndikaone nyanja.

— Ku Abashiri. Mukudziwa mmene imamwera?

— Ndikudziwa. Ndipo ndikukumbutse, bwana wa madoko. Pamene unkayamba bizinesi yako ya zitsulo zakutha, ndinakubwereka kalole kanga thanki ili yodzaza. Unati ukadzalemera udzabweza petulo yenseyo.

— Ndakhala ndikukupatsani ndalama, mumakana.

— Ndalama ndizitani? Ndimafuna petulo, woyaka pansi pa phazi langa. Malita makumi anayi.

— Mwadikira zaka zonsezi kuti sitima yanga ichedwe.

— Mlimi amadziwa kudikira. Khala chete, ndikulowa. Iii, mpandowu uli pansi, ngati ndakhala m'beseni.

— Musausunthe kwambiri. Giya ili pakati? Pondani kilachi mpaka pansi. Mafuta musaponde, ingopotokolani kiyi.

— Yalira.

— Ndikuimva. Sendezani foni pafupi. Tamverani mmene ikubwatira, ngati mphika wa nyemba. Ndayenda dziko lonse, nyimbo yoposa imeneyo kulibe.

— Ikunjenjemera ngati yakwiya.

— Ikukupatsani moni. Muyende pang'onopang'ono mpaka singano ifike pakati. Ikafika, pamsewu wowongoka uja wodutsa minda ya a Shimazu, muitsegulire. Muilole ikuwe mpaka kabelu kalire, ndiye musinthe giya.

— Kabelu?

— Kamakuuzani kuti basi, yafika pomaliza. Injini imeneyi ukamainyengerera imadwala. Kamodzi kapena kawiri, mu giya yachiwiri, apolisi asakudziweni.

— Katatu.

— Kawiri. Ikalowa mu shedi, muikweze mawu pang'ono, muzimitse ikadali choncho. Kenako batire, timitengo, waya wa mapoto. Mwaona? Ndaigoneka ndili ku Mombasa, thaulo lili m'khosi.

— Waigoneka ndi mwendo wanga. Alamu ako atulukira pawindo, akufunsa ngati kwagwa ndege.

— Muwauze abwerere akagone. Achemwali, foni yalira kuti mayunitsi atsala pang'ono.

— Si unati ndi nkhani ya ena?

— A kuno amadula ngati golide. Tamvani, ku Abashiri kupita ndi kubwera imwa malita makumi awiri okha. Otsalawo ndidzakupatsani mu chigubu.

— Chigubu ayi. Makumi awiri lero, makumi awiri tsiku loidzutsa, chipale chikasungunuka.

— Kuidzutsa ndi kwanga. Ndimavalira jekete yachikopa tsiku limenelo.

— Udzavale, udzakhale mbali ya Sumie, manja pamiyendo.

— Mwandigwira pakhosi.

— Ukuvomera, kapena ndizimitse pompano isanatenthe?

— Musayerekeze. Ndavomera. Malita makumi anayi, ngongole yatha.

— Yatha. Dula foni, sindiyendetsa ndi dzanja limodzi. Uzidya bwino kumeneko.

— Pitani bwino. Pokhota pa mlatho paja mulowe ndi giya yachitatu, ndipo kumbuyo kwake kumakonda ku... Halo? Achemwali? Halo?