Wotsutsa wa Khonsolo

Chikhalireni khansala, a Ndithudi sanakanepo kanthu, mpaka dzina lawo lenileni linaiwalika. Chaka chatha khonsolo yonse itagwirizana zopenta mlatho wong'aluka m'malo moukonza, iwo ndiwo anayamba kuwomba m'manja, ndipo mlathowo unapita ndi mvula utoto uli waliwali. Ndiye mlamu wawo, wapampando wa khonsolo, atawaitanira mu ofesi m'mawa wa tsiku la msonkhano, a Ndithudi analowa mutu ukugwedera kale.

"Alamu, khalani pansi," anatero wapampando, akutsekera kunja makhansala ena amene anaunjikana pakhomo. "Kumaphunziro atiuza kuti mlatho uja unagwa chifukwa cha 'eya' wochuluka. Khonsolo imafunika munthu mmodzi wotsutsa. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Ndasankha inu."

"Ndithudi, bwana."

"Iyayi! Ndati muzitsutsa."

"Ndithudi, ndizitsutsa."

Wapampando anapumira m'mwamba. "Mvetsetsani. Ndikayankhula, mukane mwamphamvu, anthu aone kuti kuno kuli demokalase. Koma ndikangomenya tebulo chonchi," phaa! makapu analira, "basi, muvomere zimene ndanena."

A Ndithudi anachita mantha. Udindo wokana anali asanaulotepo, ndipo wowapezera ukhansala anali mlamu wawo yemweyu. "Nanga achemwali anu akamva kuti ndakukanani pagulu, ine ndikagona kuti?"

"Pabedi panu. Tiyeni tiyeserere." Wapampando anatambasula chojambula chachikulu, nachisisita ngati mwana. "Lero tivotera chiboliboli changa, chidzaime pachipata cha msika. Kanani."

"Ndikukana," ananong'ona.

"Kwezani mawu!"

"Ndikukana!"

"Eyatu, chonchotu! Chifukwa?"

"Chifukwa mwandiuza."

"Aaa, alamu! Pezani chifukwa chanuchanu."

Kwa nthawi yoyamba a Ndithudi anayang'anitsitsa chinthu asanachivomere. Anapendeketsa mutu, nakanda chibwano.

"Pamalopotu paja tinalonjeza zimbudzi."

"Zimenezo zisiyeni. Tsutsani tating'onoting'ono, monga mtundu wa utoto."

"Ndikukana kuzisiya. Komanso, bwana, tsitsi ili ndi la ndani?"

Wapampando anagwira dazi lake. "Ndi langa. Lakale."

"Nanga mimba yapita kuti? Anthu adzayesa tamangira mlendo."

"Alamu, mwayamba kuwonjeza."

"Ndikukana. Ndiponso amayi ogulitsa tomato akasowa kothamangira, adzazungulira kuseri kwanu komweko. Tsiku lililonse muzidzangothiriridwa ngati mbewu."

"Iwe!" Wapampando anadzuka, mpando kugwera uko. "Ndakuchotsani paudindo wotsutsa!"

A Ndithudi anayang'ana tebulo. Linali phee, losamenyedwa. 

"Ndikukana."

"Tulukani muno!"

"Ndikukana, bwana. Pepani."

"Kodi mukudziwa kuti ine ndine ndani?"

"Ndikukana kudziwa."

Thukuta linali kamukamu pa a Ndithudi. Mumtima ankachonderera kuti munthuyu amenye tebulo nkhani ithe, iwo abwerere kumtendere wawo wogwedeza mutu. Koma mkwiyo unamuiwalitsa wapampando lamulo lake lomwe. Anazungulira ofesi yonse, nadziguguda pachifuwa, namenya khoma, namenya kabati, tebulo lokha n'kulisiya.

Kenaka anaima, namwetulira mochenjera. Ngati mlamuyu akukana chilichonse, bwanji osangomutembenuzira nkhani? Iye anene kuti chiboliboli chisamangidwe, wotsutsa akane, n'kuchipempha yekha pamaso pa onse. Anatsegula chitseko mwamphamvu, makhansala awiri amene anamatiza makutu pamenepo n'kutsala pang'ono kugwera m'kati.

"Lowani nonse, mumve demokalase!" anatero, akutsinzinira mlamu wake diso. "Ine wapampando wanu, munthu wodzichepetsa, ndikuti chiboliboli changa chisamangidwe! Pamalopo timange zimbudzi!"

Nzeru zake zinamukomera kwambiri, moti dzanja linanyamuka lokha monga mwa chizolowezi.

Phaa! Makapu analira.

"Ndithudi, bwana!" anakuwa a Ndithudi, misozi yachimwemwe ili lengelenge.

"Tavomera! Tavomera!" anagwirizana makhansala onse, m'manja muli phuphuphu, ena asanamve n'komwe chimene avomera.

Wapampando anayang'ana dzanja lake, nayang'ana chojambula, nawakoka jekete alamu ake.

"Tsutsanitu!" ananong'ona. "Alamu, chonde, tsutsani!"

A Ndithudi anakonza kolala yawo, mtima uli m'malo.

"Aaa, bwana, khonsolo yonse yagwirizana. Ine ndine ndani kuti nditsutse?"