Atatu Anga a mu Firiji ya ku Joni

Abusa, amayi busa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo nonse, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Kumbuyoko sindinakumveni, ndati mtendere ukhale nanu! Eya, zikomo. Ndikufuna kuchitira umboni, koma ndiyambe ndapepesa, chifukwa umboni wa lerowu ndi wodzakonza umboni wina umene ndinapereka pamalo omwe ano.

Amene mwakhalitsa mumpingo muno mukukumbuka. Zaka khumi zapitazo ndinaima pompano, Takondwa ali kumsana, ndikuti: "Ndakhala zaka zisanu ndi zitatu wopanda mwana, ndapemphera, Mulungu wayankha." Nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Sindinaname abale, Mulungu anayankhadi. Koma nkhaniyo ndinaidula pakati, theka linalo ndinalikhalira.

Kwa alendo, ine ndine mayi a Takondwa, ndimagulitsa usipa wouma mumsika wa pa boma pano. Kwathu ndi ku Katuli, banja la Chisilamu. Mpingo ndinalowa pokwatiwa ndi bambo awo akhala apowo, amene akuyang'ana nsapato zawowo. Dzutsani mutu bambo, tinagwirizana kunyumba kuti lero tinena zonse.

Zaka zosabereka zija tinali ku Joni. Bambo ankasamala maluwa panyumba pa dona wina amene anali dokotala, ine ndinkachapa ndi kusita. Tsiku lina donayo anandipeza ndikulira, ndikupinda timalaya ta mdzukulu wake. Anandifunsa, ndinamuuza. Ndiye anatitengera kuchipatala china kumene amatenga dzira la mayi ndi mbewu ya bambo, n'kuzikumanitsa m'kambale, zikagwirana n'kubwezera m'mimba mwa mayi. Inde, m'kambale! Musayang'anane, mwamva bwino. Majakisoni ndinabayidwa mpaka mimba yonse madontho okhaokha. Mapepala anali mulu, Chingerezi chake cha madokotala. Ndinati, "Bambo, werengani musaine, ine ndikufuna mwana basi." Takondwa anabadwa, tinabwerera kuno kwathu, ndipo tinapangana kuti za kambale zija tisauze munthu. Pakamwa pa anthu a kuno mukupadziwa. Mwana wanga akanamutcha wa m'botolo asanayambe n'komwe kukwawa.

Tsono mverani. Chaka chatha, nyengo ya mvula, bambo anaiwala foni pa benchi langa mumsika, atathamangira kasitomala, poti masiku ano amapalasa kabaza. Foni ija ngwee, uthenga. Ine si wofufuza mafoni a amuna, koma maso anangopita okha. Nambala ya ku Joni. Chingerezi changa ndi cha kukhitchini, komabe ndinamva bwinobwino: "Tikukukumbutsani za atatu anu amene tikusunga kuno. Mutiuze chochita nawo mwezi uno usanathe."

Atatu anu! Abale inu, atatu! Mayi wina anagula mulu umodzi wa usipa, ndinamukulungira milu itatu, anachita kundibwezera yekha. Mumtima ndinati, eti bamboyu ine ndikusita malaya a azungu, iye anali kalikiliki kumanga banja lina, mpaka ana atatu? Wofatsa chonchi, woimba kwaya chonchi?

Sindinawafunse. Ndinaimbira achimwene anga ku Katuli, amene ndi nkhoswe yanga komanso mwini mbumba kwathu. Mawa lake masana anafika pa njinga yamoto, mkanjo wonse matope. Anakhala pakhonde, anakana ngakhale madzi akumwa. Anati, "Alamu, ine sindinabwerere ndewu. Ingotiuzani mayina a anawo, ndi dzina la mayi wawo."

Bambo anati, "Mayina alibe, alamu."

"Nanga mayi wawo?"

Anandiloza ine. "Mayi wawo ndi awa."

Ndinaseka, abale. Ndinaseka ngati wamisala. Ndinati, "Ndinabereka atatu ine osadziwa? Ndinali kuti?" Ndiye bambo anafotokoza. M'kambale muja simunapangike mmodzi, munapangika anayi. Madokotala anawaunika onse, n'kusankhapo mmodzi amene anamuona wamphamvu. Ameneyo ndiye Takondwa. Atatu otsalawo anawaumitsa ndi chisanu, n'kuwasunga m'thanki. Chaka ndi chaka chipatala chinkawalembera bambo kufunsa, iwo n'kumayankha mawu amodzi, akuti sungani. Zaka zisanu ndi zinayi, sungani, sungani, ine osadziwa kanthu. Tsopano nthawi imene anagwirizana inali itatha.

Ine ndimagulitsa nsomba, firiji ndimaidziwa. Ndimaona anzanga akuumitsa chambo cha alendo opita ku Blantyre, chimachita kulimba gwa ngati thabwa. Ndiye mundiuze kuti ana anga ali mu firiji? Ndinakuwa mpaka aneba anatuluka. Ndinati, "Bambo inu, munandibisiranji?" Iwo anati, "Munaima kutsogolo kwa mpingo, munanena kuti ndi pemphero lokha, anthu onse anaimba. Ine ndikanayambira pati?" Pamenepo ndinakhala pansi. Pakamwa pa amuna anga ndinatseka ndi ine ndemwe, ndi umboni wanga wodula pakati uja.

Chipatala chinatipatsa njira zitatu. Kaya tiwalole awasungunule n'kuwataya. Kaya tiwapereke kwa anthu ena osabereka amene sitidzawadziwa mpaka kalekale. Kaya ndipite ndekha akandiikire m'mimba, ine wa zaka makumi anayi ndi ziwiri.

Achimwene anga atamva za kupereka kwa alendo anavula kofia, anaimenyetsa pabondo. Anati, "Wallahi, izo ayi! Ameneyo ndi mbumba yanga. Mwana wa mlongo wanga akakule kwa anthu osadziwa atsibweni ake? Mawa adzabwere kuno kudzaona nyanja, adzakumane ndi Takondwa, adzafunsirane osadziwa kuti ndi magazi amodzi?" Munthu amene anabwera kudzathetsa banja anabwerera ku Katuli akuwerenga adzukulu a mayi athu ndi zala, akuwonjezera atatu.

Iwo anakafunsa kwa a shehe awo, ine ndinabwera kwa abusa athuwa. Abusa, mundikhululukire, ndinena. Anavula magalasi, anawapukuta, anavalanso, anati, "Mayi, kusukulu ya ubusa izi sanatiphunzitse." Ndipo ine ndikukuthokozani chifukwa cha mawu amenewo. Mukanandiponyera vesi mwachangu kuti ndichoke, bwenzi nditasochera. Munati tigwade, tinagwada. Amayi busa ndi amene anafunsa funso limene linkandidya ine mumtima: "Kodi iwowo amamva kuzizira?"

Ndinakamufunsa dokotala wa kuchipatala kuja pa foni. Anati ayi, samva chilichonse, ndi tating'ono kuposa kamchenga, tilibe mtima, tilibe mutu, ena amati sitinafike pokhala anthu. Ndinati chabwino adokotala, inu ndi ophunzira. Koma Takondwa wanga amene akundithera sopo ndi shuga m'nyumbamu, nayenso sanali kamchenga komweko? Dokotala anati inde, anali. Ndinati basi, ndamva.

Koma dokotalayo anali asanamalize. Anati pa atatuwo, mmodzi anamuyeza kalekale n'kumupeza ndi matenda a magazi aja a siko selo. Akuti ine ndi bambo tonse tili ndi mbewu yake ngakhale sitidwala, ndipo mwa ameneyo mbewu ziwirizo zinakumana. Anati, "Ameneyo sitikukulangizani kumutenga."

Abale, matenda amenewo ine sindinawawerenge m'buku. Mng'ono wanga wondipondera anamwalira nawo ali Sitandade 5. Ndinkamusisita miyendo akukuwa kuti mafupa akuthyoka, maso ali achikasu, ku Katuli galimoto yopita kuchipatala kulibe. Ndiye lero munthu akutha kuyang'ana kamchenga, n'kuona ululu wonse uja usanayambe, n'kundifunsa ine kuti mayi, mukuti bwanji? Ine ndani? Ine wosankha usipa pa thandala, uwu wabwino uwu wa nkhuku, ndikasankhenso ana chimodzimodzi? Tsiku limenelo Takondwa akuchokera kusukulu ndinamuyang'anitsitsa mpaka anati, "Amayi, ndalakwa chiyani?" Sanalakwe. Ndimangoganiza kuti chala cha dokotala chikanaloza pambali pang'ono, bwenzi mu firijimo muli iyeyo.

Ndinasala kudya masiku atatu. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, ndisakunamizeni, lero ndasiya zokometsera umboni. Chimene ndinadziwa n'chakuti pepala lakuti atayeni dzanja langa silingasaine. Ndinawauza bambo kuti konzani mapasipoti. Dona uja tinamuimbira, wakalamba tsopano, koma anati bwerani, mudzafikira kwanga.

Kuchipatala anati adzayamba ndi awiri opanda matendawo, mmodzimmodzi. Anasungunula woyamba. Tinadikira pa benchi. Nesi anatuluka, anati, "Pepani, uyu sanadzuke." Anati zimachitika, ena sapirira chisanu. Ndinafunsa kuti ndiye mumutani? Anati amataya pamodzi ndi zina za m'chipatala. Ndinati, "Ayi mwana wanga, ndipatseni." Anadabwa, anakafunsa akuluakulu ake, ndinasaina pepala, ndipo pepala limenelo ndinaliwerenga ndekha mpaka pansi. Anandipatsa kachubu konga ka inki ka m'bolopeni. Ndinakamanga pa mfundo ya chitenje. Wachiwiri anadzuka, anandiikira, ndipo patapita masabata awiri anati wagwira.

Titafika kumudzi, ndinapita ku Katuli ndi amayi awiri a mumpingo muno, ali pompano, akudzidziwa. Tinachita monga timachitira ndi mtayo, mwana wopita padera: amayi okhaokha, m'mawa, popanda kulira mokweza. Achimwene anga sanapite nawo, mwambo suwalola, koma anatumiza kansalu koyera ka sanda. Mayi anga aang'ono, amene aika mitayo yambiri pamudzi paja, anafunsa kuti, "Nanga mwanayo ali kuti?" Ndinamasula mfundo ija. Anayang'ana kachubu, anandiyang'ana ine, anayang'ananso kachubu. Mumtima ndinati lero andithamangitsa. Koma anatambasula manja onse awiri, anati, "Bwera naye kuno, ndi wathu ameneyu." Anamukulunga bwinobwino ngati mwana wina aliyense, ndipo tinamuika pambali pa mng'ono wanga uja.

Tsopano taonani kuno. Amayi busa, tandithandizani kumasula mberekoyi. Uyu ndi wachiwiri uja. Ali ndi miyezi inayi, amayamwa ngati akubwezera zaka zonse anakhala ndi njala. Dzina lake ndi Sungani, anamutcha ndi achimwene anga, akuti pokumbukira yankho la alamu awo. Takondwa, taima mwana wanga, anthu akuone, usachite manyazi. Awiriwa anapangika tsiku limodzi, m'kambale kamodzi. Wina ali Sitandade 5, wina sanamere dzino. Ine mpaka lero ndikawayang'ana mutu umazungulira. Ndipo amene akufuna kunena kuti ana a m'botolo, anene lero ndili pompano, chifukwa ine manyazi aja ndawasiya. Anapanga dokotala ndi Mulungu, anapanga kambale ndi Mulungu, ndipo amene anadzutsa mwana uyu m'chisanu cha zaka zisanu ndi zinayi si nesi ayi.

Koma ndikakhala pansi apa ndiye kuti ndadulanso umboni pakati. Wachitatu uja, wa siko selo uja, akadali komweko. Tinapempha, anatiwonjezera zaka ziwiri, ndipo miyezi ikutha. Ndikamutenga, ndikumuitanira ku ululu umene ndinauona ndi maso angawa. Ndikamusiya, ndiye kuti ndamuuza kuti iwe wodwala sukuyenera kubwera, chonsecho mng'ono wanga uja, ndi ululu wake wonse, ankaseka kuposa tonse m'nyumba mwathu. Bambo akuti zimene ndinene iwo avomera. Abusa akupemphera. Achimwene anga akuti mbumba sasiya kunja. Thupi langa nalo latopa. Yankho ndilibe, abale, ndilibe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandipatsa Takondwa, ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira Sungani, ndikuthokoza chifukwa cha bambo awa, amene ndinawayesa achimasomaso pamene iwo ankalondera ana anga okhaokha ndi mantha awo. Imani nane, kondwerani nane, amayi imbani nthungululu zoposa zija za zaka khumi zapitazo, chifukwa lero mukuimbira nkhani yonse. Koma mukatha kuimba musathamangire panja, mugwade nane pang'ono. Ndipo kuyambira lero, mukakumana nane mumsika n'kundifunsa kuti mayi muli ndi ana angati, musadabwe ndi yankho langa. Ndili ndi anayi. Wina ali kusukulu, wina ali kumsana, wina wagona ku Katuli, ndipo wina akudikira amayi ake ku Joni.

Aleluya, mpingo wa Mulungu. Amen.