Tabuleti ya m'Baibulo la a Medson

Bambo Medson, mkulu wa mpingo ku Kawale, ankabisa katabuleti kokulitsa zilembo m'kati mwa Baibulo lawo, ndipo mpingo unkawatama kuti pa ukalamba wawo amawerenga popanda magalasi. Maso atafika poti nakonso sakukaona, ulaliki uli Lamlungu lomwelo, anatsetserekera ku Biwi kwa Yasir wogulitsa mafoni, munthu woti ukamuuza kuti dikira pompo, mawa umupeza pompo.

"Ndikufuna tabuleti yaikulu," ananong'ona a Medson. "Koma ikhale yaing'ono."

"Yaikulu ilipo, yaing'ono ilipo. Iti, abambo?"

"Yaikulu poyang'ana, yaing'ono ponyamula. Ilowe umu." Anatsegula Baibulo pang'ono ngati akuonetsa katundu wakuba.

Yasir anatenga tepi. Anayeza Baibulo, anayeza tabuleti yaikulu. "Itulukira zala zinayi."

"Dulako."

"Ikadulidwa siyaka."

"Aaa, iwe! Nanga pano umakonza chiyani?"

"Gulani Baibulo lalikulu."

"Ili anandisiyira malemu bambo anga. Ndikasintha, anthu afunsa."

"Ndiye magalasi."

"Magalasi!" A Medson anamenya tebulo. "Ine ndinaima paguwa n'kuchitira umboni kuti maso anga ndi a mwana. Mayi wina mpaka analira."

"Tingokulitsanso zilembo pa katabuleti kanu komweka." Yasir anadina, anadinanso. Galasi lonse linadzaza ndi liwu limodzi: PACHIYAMBI. "Vesi limodzi muzitsetsereza chala kakhumi."

"Paguwa? Aziti ndikulikanda Baibulo?"

"Zing'onozing'onozi zasiya kuyenda malonda, abambo. Chaka chino aliyense akufuna yaikulu. Yatsala iyi yokha, nayonso anaigwiriratu."

"Ndani?"

"Amayi atatu a kumpingo kwanu. Akuti akugulira mkulu wina amene Baibulo limamuwalitsa kumaso akamalalikira. Akuti sabata yatha linalira pakati pa pemphero kuti latha moto."

A Medson anakhala pa benchi. Manyazi anawagwira osati masewera: ma ameni onse aja, kani anthu ankangowasungira ulemu!

"Dzina la mkuluyo anatchula?"

"Ayi. Anangoti ndisauze a Medson."

A Medson anadzuka pa benchi paja. Kenaka ananyamula tabuleti yaikulu ija, anaitembenuza, anaiyesa kulemera kwake m'manja.

"Ndiye sunandiuze," anatero. "Koma iyi yachepa, mwana wanga. Akabwera uwauze kuti kuli ina yoposa apa."