Khosi la Malemu Lurdinha Mtendere

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1991 kutsidya kwa malire, ku Malawi, komwe tinathawira nkhondo. Tinabwerera nawo kuno ku Mitande mu 1994. Ine ndikuwerengane ndine mayi awo, Rabia. Amalume awo akana kuwerenga, ati zina zalembedwamu n'zochititsa manyazi. Manyaziwo si anga. Akuchimuna apempha kuti mwana wa malemu, Tisungeni, abwerere nawo kwawo maliro akatha. Amvetsere bwino, yankho lili m'mbiri yomweyi.

Sukulu anayamba mu 1998, nalekeza kalasi yachisanu ndi chiwiri. Mu 2010 anakwatiwa ndi bambo Nordino a ku Amaramba, amene anawatenga chitengwa. Ntchito yawo kumeneko inali kusenza madengu a makumba ouma kuchokera padooko kukafika kumsewu wa chapa, minibasi zathu zija. Akatula nsomba, asenze madzi. Akatula madzi, nkhuni. Njinga pakhomopo inalipo, koma inali yopitira ku bawo.

Mu 2023 khosi linayamba kuuma. Munthu ukawaitana ankatembenuka thupi lonse, zala zili dzanzi. Ndinawatenga ndekha kupita kuchipatala ku Cuamba, komwe tinapeza mayi Sara, ochiritsa ndi manja. Ankawagoneka chagada, n'kulowetsa manja kunkhongo, kukoka pang'onopang'ono, kusiya, kukokanso. Kenako ankadina ndi chala chachikulu minofu yomwe inaumbika m'mapewa mpaka ifewe. Anawaphunzitsanso kubweza chibwano m'kati ndi kutembenuza mutu kulekeza pomwe ululu wayambira. Pofika nthawi yokolola, malemu ankatha kucheuka. Lamulo anawapatsa limodzi lokha: katundu pamutu ayi.

Atabwerera ku banja, apongozi awo anaseka. Ati chipatala chanji chopanda jakisoni, zosisitazo n'za makanda. Anawapindira nkhata, dengu linabwerera pamutu, ululu nawo unabwerera. Mu Januwale 2025 akuchimuna anzeruwa anawatengera kwa bambo wina wa pamsika, amene amati khosi likalira ndiye kuti lachira. Anagwira chibwano, anagwira nkhongo, napotokola kamodzi. Linaliradi. Kuyambira tsiku limenelo manja ndi miyendo ya malemu sizinagwirenso ntchito.

Ine uthenga ndinaumvera kwa ogula nsomba. Ndinakawatenga, ndipo ndawasambitsa, kuwatembenuza ndi kuwadyetsa m'nyumba mwanga ngati khanda. Amuna awo anabwera kamodzi, kudzafunsa komwe malemu anasiya dengu lalikulu. Chibayo chinawapeza ali chigonere, ndipo anatisiya pa 14 Julayi 2025.

Malemu asiya mwana mmodzi, Tisungeni, wa zaka khumi ndi chimodzi. Asiya ine, asiya mng'ono wawo Asima, asiyanso amuna awo, omwe mukuwamva akulira koposa tonsefe apo. Tisungeniyu akuchimuna afika naye dzulo atamusenzetsa thumba la ufa wa pamaliro kuchokera pomwe anatsikira chapa, amuna atatu akuyenda pambuyo pake manja ali lende. Ufawo talandira, zikomo. Mwanayo sabwerera. Agona kuno lero, ndipo Lolemba ayamba sukulu pa Mitande pompano. Amene ali ndi mawu akandipeze kunyumba tikabwera kumanda, zibakera sindiopa, ndatopa kale.

Tithokoze mayi Sara, amene anabwera mpaka kuno kudzationetsa kagonekedwe ka wodwala kuti asatuluke zilonda. Tithokoze amayi a mpingo amene ankasinthana nane kuchapa, adzukulu amene akumba manda, ndi inu nonse mwasiya minda yanu kudzakhala nafe.

Mzimu wa malemu Lurdinha Mtendere uuse mumtendere.